Misozi ya pa bolodi la a Mbewe

Amene akuona ngati ndikunama anyamuke pompano, akwere njinga, akafunse khoma la shopu ya a Mbewe ku Chipata ngati likadali chilili, chifukwa zipsera za nkhani imeneyi zili pamenepo mpaka lero. Otsalanu sendezani mabenchi. Mwakhala mukundifunsa kuno ku Madzimoyo kuti a Lungu, bwanji munthu akakuuzani kuti "pitirizani" mumatsokomola ngati mwameza munga wa nsomba? Lero ndikuuzani, ndipo ndikawonjezera ngakhale kamchere kokha, Mulungu aumitse dzanja langa lolemberali.

Mawu amenewo ndinayamba kuwamva chaka cha chilala chija, chimene tinadya chimanga chachikasu chonunkha sitima. Ndinali nditangoika mkazi wanga, Enelesi Daka wa ku Chipangali. Ine paja ndine munthu wosakhazikika: ndinakumbako ku migodi, ndinasankhako fodya ku Kasungu, ndinagulitsako mchere ku Tete, sukulu sindinaione m'kati mwake, zilembo ndinaziphunzira pa matumba a feteleza ndi m'buku la nyimbo lopanda chikuto. Munthu mmodzi yekha amene anandikhazika pansi mpaka kumera mizu anali Enelesi. Mwana sitinaone. Ndiye atatsala pang'ono, atawonda mpaka chibangili cha pamkono kufika m'khwapa, sanadandaule za imfa. Anadandaula za dzina. Anati kwawo munthu akapita, dzina lake amalipereka kwa khanda kuti lipitirire kuitanidwa pabwalo, tsono lake adzaliitanira yani? Ine, pakamwa panga mukupadziwa, ndinamuuza kuti leka zimenezo, dzina lako ndidzalibereka ndekha kumsana, lidzadziwika kuyambira ku Chipangali mpaka ku Mwami. Anaseka, n'kutembenukira kukhoma. Mukumva? Ndinalonjeza munthu amene anali paulendo, ndipo wakufa sungamubwerere kuti ukasinthe mawu.

Patapita masabata angapo kanyumba kathu ka ku Kapata kanati zii, mpaka ndinkamva chiswe chikutafuna phaso. Ndinanyamula kawailesi ka Enelesi, kamene nakonso kanali katasiya kulankhula, kupita nako kwa a Mbewe, wokonza mawailesi kumashopu a kumunsi. A Mbewe anali munthu wokonda mabuku, koma maso anali atayamba kuwathawa, moti mawailesiwo ankakonza ndi zala ndi makutu. Pakhoma lawo la panja anali atakhomapo bolodi lalikulu ngati chitseko cha tchalitchi, loti aliyense amene ali ndi nkhani kapena ndakatulo azimatapo tsamba lake, odutsa aziwerenga. Kumunsi kwa tsamba lililonse kunkalendewera kapepala kopanda kanthu, koti owerenga azilembapo zakukhosi kwawo. Tinkakatcha mchira. Kakadzaza, mwini wake ankalumikiza kena ndi phala. Loweruka lililonse a Mbewe ankatuluka ndi chingwe n'kuyeza michirayo, popeza kuwerenga sankathanso. Wa mchira wautali ankakwera pamwamba. Wa mchira waufupi ankamatulidwa, tsamba lake n'kuperekedwa kwa mayi wa vitumbuwa wa pakhonde pomwepo kuti azikulungira malonda.

Ndili chiimire ndi wailesi m'khwapa, ndinaona bambo wina wa tayi akutafuna nzimbe, atagwira mnzake paphewa, akumuuza kuti, "Ndalira, anzanga. Pitirizani." Mumtima ndinati, kodi m'tauni muno muli anthu olirira pepala? Ndiye kuti Enelesi wanga wapeza pogona. Bambo wa tayiyo anali a Sakala, kalaliki wa pa depoti ya thonje. Sindinayang'anitsitse kuti maso awo anali ouma ngati lichero.

Tsiku lomwelo ndinagula bolopeni ndi mapepala okhuthala, ndinalemba tsamba loyamba, pamwamba pake zilembo zonenepa: MALEMU ENELESI DAKA. Ndinamata. Masiku anadutsa, mchira wanga uli mbee, ngakhale ntchentche osaterapo. Pofika Lachisanu mayi wa vitumbuwa anali atayamba kulipapasa ndi maso tsamba langalo, n'kundiuza mwaulemu wonse kuti pepala langa n'labwino, mafuta sangaliboole. Mukumva? Mkazi wanga akakulungire vitumbuwa, anthu apukutire milomo dzina lake, n'kuliponya m'ngalande.

A Sakala anandipeza nditakhala pamwala, nditagwira tsaya.

"A Lungu, inu mwabwera ndi mtima wa kumudzi," anatero. "Pano ndi chilimba, kusonkherana mosinthana. Mwaponya kwa ine, ine ndiponya kwa inu. Lembani pa mchira wanga kuti mwalira, muwonjezere kuti tionenso zanu."

"Ndiyambe ndawerenga kaye?"

"Mukati muwerenge onsewa mudzadya liti? Kuwerenga n'kwa a Mbewe, ndipo a Mbewe saona."

Tsono apa tcherani khutu, chifukwa chiyambire dziko, kuno kummawa sikunabadwe munthu wodziwa kulira papepala ngati ine. Ndinayamba ndi dzanja limodzi, sabata inayo ndinkalemba ndi manja onse, kenako ndinamangirira bolopeni ku chala chachikulu cha phazi kuti ndizilirira a m'munsi pamene manja akulirira a pamwamba, ndipo ndinkathamanga nazo mpaka bolopeni kufuka utsi, amuna okankha ngolo n'kumabwera kudzayatsirapo fodya. Ndinalirira ndakatulo za chikondi, ndinalirira nkhani za mfiti, ndinalirira chidziwitso cha mbuzi yotayika, ndinalirira mitengo ya mabatire imene a Mbewe anamata pambali mpaka mabatirewo anakwera pamwamba pa bolodi sabata yathunthu. Ndinkadutsa pa njinga osatsika, osagwira chiwongolero, n'kusiya misozi pa mchira uliwonse njinga isanathe khonde. Tsiku lina ndinalirira nkhani ya mphunzitsi wina asanailembe n'komwe, iye pobwera anapeza mchira ukumudikira wodzaza kale, anauwerenga, anakhuta, anabwerera kwawo, ndipo sanagwirenso cholembera mpaka lero.

Ndiye chilimba chinazungulira n'kufika kwa ine. Mchira wa Enelesi unatsika khoma, unadutsa pakhonde, unawoloka msewu apanjinga akuliza mabelu poudumpha, unalowa mumsika n'kutulukira kwa ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, unakhota pa mzikiti, unagwira msewu wa ku Mwami ukukwawa ngati nsato, anthu akuulumikiza ndi phala m'njira monse, mpaka unakafika pa malire, akasitomu n'kusonkhana kukangana ngati misozi imalipira msonkho potuluka m'dziko. Madalaivala amene anali atatopa kudikira pamzere analembapo, amayi ogula zitenje tsidya linalo analembapo, a tsidyalo nawonso analembapo osadziwa n'komwe kuti mutu wa nkhaniyo uli dziko liti. Mabolopeni anatha m'tauni, ana analemba mayeso ndi makala. Mbuzi imene inadyako chidutswa inabwerera kukhola ikulira kuti pitirizani, pitirizani, mwini wake n'kuigulitsa chifukwa cha mantha. Chingwe cha a Mbewe chinachepa, anabwereka waya wa telefoni, nayenso anachepa, mpaka anangoti a Lungu, khalani pamwambapo kufikira tsiku lachiweruzo.

Ndipo ichi musanditsutse, ndinachiona ndi maso angawa. Mawu akuti "ndalira" anachuluka pamenepo mpaka khoma linanyowa, mwezi wa Okutobala, mtsinje wa Lutembwe utauma moti anthu ankamenya mpira pakati pake, koma pa khoma la a Mbewe panamera bowa, achule anabwera kudzaimba, ndipo mlimi wina wa ku Madzimoyo konkuno anabzala mpunga m'tsinde mwake n'kukolola. Khoma linkalira, mapepala ankalira. Anthu okha ndiwo ndinali ndisanawaone akulira, koma ndinkati amuna amakalirira kunyumba.

M'menemo ine ndinkalembabe, sabata ndi sabata, ndipo apa palibe chowonjezera. Ndinalemba mmene ndinamupezera Enelesi akukumba nshawa, mtedza uja, m'munda mwa mayi ake, ine ndikupempha madzi akumwa, iye n'kundifunsa ngati kwathu kulibe zitsime. Ndinalemba kuti ankaopa milatho, moti tikafika pa mlatho ankatsika njinga n'kuwoloka wapansi atatsinzina diso limodzi. Ndinalemba kuti ankathira mchere kawiri chifukwa choiwala, kenako n'kunena kuti lilime langa ndi limene linawonongeka ndi mchere wa ku Tete. Ndinalemba kuti mukwaya ankaimba mawu apansi ngati mwamuna, ndipo ankanyadira. Ndinalemba za chifuwa chija, za ulendo wa kuchipatala pa ngolo, za chibangili, za bokosi limene tinakhoma ndi matabwa a bedi lathu lomwe. Pansi pa tsamba la bokosilo a Sakala analira kuposa masiku onse, mpaka bolopeni yawo inaboola pepala.

Chaka chitatha, mvula itabwerera, akwawo kwa Enelesi anatumiza mawu kuti akakumba nshawa adzachita chikumbutso: mapemphero kumanda, kenako chakudya. Ndinapita kukaonana ndi apongozi anga, mayi ake a Enelesi. Tinalankhulana monga mwa mwambo, iwo atakhala kuseri kwa nkhokwe, ine mbali ino, aliyense akuyang'ana kwake. Anafunsa kuti kutauni kudzachokera anthu ochuluka bwanji, kuti adziwe chimera choviika. Ndinati amayi, viikani chonse. Mwana wanu ku Chipata akudziwika kuposa bwanamkubwa, ndipo amene amulirira atati agwirane manja angazungulire phiri la Kanjala, ena n'kutsalabe. Kenako anati, "Ndiye tipha ndi mbuzi ya mkaka yomwe."

Nditabwerera ndinalemba tsamba lomaliza, lalifupi, la zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale a Mbewe akanatha kuzipapasa: nonse amene mwamulirira Enelesi, Loweruka m'mawa lole idzaima pano, ulendo waulere, tikaone pamene anagona. Pofika Lachisanu mchira wa tsamba limenelo unali utafika ku Katete. Ndalira. Pitirizani. Zokoma zedi, tionenso zathu. Ndinaopa kuti lole wamba ichepa. Ndinapinyolitsa njinga yanga kwa mwini lole ina yonyamula thonje, lole yaitali yoti dalaivala akaliza hutala, akumbuyo amamva mawa lake.

Loweruka ndinalawirira. Ndinasesa m'lolemo, ndinayala masaka kuti azimayi asadetse zitenje. Dzuwa linatuluka. Mayi wa vitumbuwa anayatsa mbaula. A Mbewe anatsegula shopu n'kutuluka ndi chingwe chawo. Alembi anzanga anabwera monga mwa Loweruka lililonse, aliyense n'kulunjika ku mchira wake, ena n'kumadandaula kuti lole yatchinga kuwala. Ndinaima pa sitepe nditavala jekete ya ukwati wathu, ndikumwetulira aliyense. Dalaivala anazimitsa injini n'kugona pa chiwongolero. Dzuwa litafika apa, anatulukira a Sakala pa njinga, tayi ikuuluka, n'kuponda pansi phazi limodzi.

"A Lungu, lole yonseyi? Mukusamuka?"

"Ndi ulendo wa ku Chipangali uja, a Sakala. Kwerani kutsogolo, malo ndakusungirani."

"Aa, kwa apongozi. Mwachita bwino, mukatengeko nshawa. Nanga amayi kunyumba ali bwanji? Chiyambire sindinawaonepo. Mukawapatse moni, muwauze kuti amuna awo akutiliza kuno."

Mukumva? Munthu amene anaboola pepala polirira bokosi la mkazi wanga. Ndipo sankandinyoza ayi, nkhope yawo inali yosalakwa ngati ya mwana wobatizidwa kumene. Dzanja langa linanyamuka kuti ligwire tayi ija, koma linabwerera lokha, pakuti nanenso ndinali nditawalirira chaka chathunthu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalemba za thonje kapena za maliro awoawo. Ndinangoti moni akafika.

Sindikanapita chimanjamanja. Ndinagwira mchira uja n'kuyamba kukoka ngati khoka, wa ku Mwami unabwera ndi fumbi la malole ndi chidindo cha akasitomu, wa ku Katete unabwera ndi minga, ndinakulunga, ndinapinda, ndinapondereza, lole inadzaza mpaka matayala kuphwa, ine n'kukhala pamwamba pake ngati belo la thonje lomaliza. Njira yonse ya ku Chipangali mapepala ankangonong'ona ndi mphepo. Dalaivala sanandifunse kanthu, ndipo Mulungu amudalitse chifukwa cha zimenezo.

Kumudzi tinawapeza ataima m'mbali mwa njira, akwaya atavala zitenje zofanana, mbuzi zitaphedwa kale, migolo ya thobwa itandandalika pansi pa mango. Anayamba nyimbo yolandirira alendo lole ikadali kutali. Itaima, anapitiriza kuimba maso ali kumbuyo kwake, kudikira kuti alendo atsike. Ndinatsika ndekha. Nyimboyo inafa pang'onopang'ono, mmodzimmodzi, kuyambira kumbuyo.

Kumanda, katekisiti atatseka buku, apongozi analankhula atandifulatira.

"Alendo aja ali kuti?"

Ndinati atanganidwa, amayi, koma atumiza misozi yawo, ndi imene yadzaza loleyo.

"Ine kuwerenga sindidziwa. Tiwerengereni pamene amutchula."

Ndinamasula mchirawo pamanda pomwepo, alamu akundithandiza kukoka, ndinauyenda ndi chala kuchokera pakhonde la a Mbewe kukafika ku Mwami, kubwerera, kukhotera ku Katete: ndalira, pitirizani, tionenso zathu, ndalira, luso lanu n'loopsa, tili kumanzere kwa bolodi, ndalira. Dzina la Enelesi munalibemo. Ngakhale kamodzi, ngakhale molakwitsa. Wina anali atafunsamo ngati mbuzi yotayika ija inapezeka.

Mudzi wonse unkadikira. Tsono apa ndi pamene ndinachita chimene mlenje, mlaliki kapena wandale sanachitepo. Ndinakweza pepala, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba kuwerenga zimene panalibe. Ndinati a Sakala a ku depoti akuti chiwerengere nkhani ya Enelesi sawolokanso mlatho ali pa njinga, amatsika n'kutsinzina diso limodzi. Ndinati mphunzitsi wina akuti kwawo ayamba kuthira mchere kawiri pomukumbukira. Ndinati dalaivala wa ku Mwami walemba dzinalo pamphumi pa lole yake ndipo lafika kale ku Beira. Ndinati kwaya ina yasiya dala malo opanda munthu pakati pa oimba mawu apansi. Ndinati mayi wina wa tsidya lija wabereka mapasa ndipo onse wawatcha Enelesi ngakhale mmodzi ndi mwamuna. Ndinabereka ana a dzina limenelo pakamwa panga pomwepa mpaka anadzaza sukulu, anadzaza tchalitchi, anasefukira kubwalo. Ndinawerenga mpaka mthunzi wa mtanda unatalika kufika kumapazi anga, mawu anandithera, ndinapitiriza ndi mpweya wokha, ndipo azimayi analira misozi yeniyeni, yonyowa, yotsikira m'khosi, yoyamba imene ndinaiona chaka chonsecho.

Pobalalika, apongozi anadutsa patali, n'kuima atayang'ana kuphiri.

"Zikomo, bambo. Anthu a kutauni amamudziwa bwino mwana wanga." Anakonza mpango wawo kumutu. "Kungoti onse amalankhula ngati inu."

Nyama anagawira midzi yoyandikana, thobwa lambiri linasasa. Mchira uja ndinausiya konko, ndipo ndimamva kuti mpaka pano akuyatsira moto. Akuti umayaka bwino kwambiri. Ndi wouma.

Ku Chipata sindinagonenso. Njinga sindinakaiwombole, kawailesi ka Enelesi kakadali pa alumali ya a Mbewe ngati iwowo akadalipo, ndipo kuyambira pamenepo ndimangoyenda, kuno mwezi, uko nyengo ya thonje. Nthawi zina ndimalakalaka khonde lija, fungo la vitumbuwa, masiku amene ndinkakhulupirira kuti tauni yonse ikulira nane. Anali masiku abwino, ndisaname.

Ndiye nenani kuti ndi bodza, ine sindisintha. Inu a Tembo mwakhala mukugwedeza mutu kuti zoona, zoona, kuyambira pa bolodi paja, ndipo inu a Zulu, pamene ndinaima kuti ndimeze malovu, mwanena kuti pitirizani. Ndamva, sindinatsokomole. Dzina lija ndalitchula kambirimbiri madzulo ano, koma sindikufunsani, musaope. Ndinaphunzira kusafunsa.

Ayi, tiyi musawonjezere. Ndipatsireni chikwama changa chili pansi pa benchipo. Anthu sanagone, malole akuyendabe pamsewu, ina indinyamula. Koma mukadzakumana ndi wina wonena kuti kwawo kuli munthu amene analiridwa kuposa mkazi wa Lungu, mumuuze abwere ndi chingwe.